Chigubu cha Bambo ndi Chiwanda cha Masamu

Ndaphunzitsa masamu papulayimale ya kumgodi kuno ku Bindura mpaka imvi zayamba kupikisana ndi choko m'mutu mwangamu, koma kukoleji palibe anandiuzapo kuti mwana akalephera seveni taimusi eyiti ndiye kuti ali ndi chiwanda. Phunziro limenelo ndinalilandira kwa achemwali anga, munthu amene sanaphunzitsepo ngakhale mwana wa nkhuku.

Mtsikana wawo anali mu giredi seveni. Chingerezi ankakhoza, Chishona osanena, koma masamu, mayo ine! Mataimusi sankawadziwa n'komwe. Ukamupatsa samu yogawa ankangoliyang'ana pepala ngati munthu wodikira kombi tsiku la mvula. Bambo ake, alamu anga, ndi munthu wa ku Masembura, mlonda wa pageti la mgodi, ndipo anali atagamula kale: mwana akalakwa masamu pamayeso omaliza, sukulu yathera pomwepo, apite kumudzi akalime ndi agogo ake. Alamu anga sayankhula kawiri. Mwanayo ankadziwa kuti khasu likumudikira.

Achemwali anamutengera kwa mneneri wa kutchalitchi kwawo, bambo wa nsapato zosongoka ndi suti yonyezimira. Mneneriyo anatsinzina kwambiri, kenaka anafunsa ngati kumtundu kwathu kunali munthu wa gule. Funso lakuya zedi limenelo! Pakomboni pano ndi nyumba iti ya Amalawi imene ilibe agogo a gule? Koma achemwali anagwa chagada ndi kudabwa. Bambo athu, amene anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzakumba pansi pano, ndiwo ankaimba ng'oma gule akatuluka, uja anzathu Achishona amati zvigure. Basi, matenda apezeka. Chimene chinatseka mutu wa mwana ndi ng'oma ya bambo. Osati mphunzitsi wake wa giredi fili amene anasiya kalasi pakati pa chaka n'kupita kukasaka golide ku Shamva, ayi ndithu. Ng'oma.

Mankhwala ake anali mafuta odzozera. Anamudzoza pamutu, anadzoza pensulo, labala, mpaka kope lomwe. Kopelo nditaliona linali likuonekera kuseri ngati pepala lokulungira tchipisi. Akati afufute, tsamba lonse bii. Mayankho anali olakwika monga kale, kungoti tsopano ankanunkhira bwino.

Ndinapsa mtima, koma ndinadzigwira. "Achemwali," ndinatero, "mwanayu azibwera kwathu akaweruka, ndizimuthandiza."

Anavomera, koma ndi malamulo. Paja bambo ankakhala ndi ine, m'kachipinda ka kuseri. Mwana asadye chimene bambo akhudza, asakhale nawo pafupi, asawagwire dzanja. "Inu aphunzitsi mumadziwa za mabuku," anatero achemwali. "Za mzimu tisiyireni ife."

Tinayamba pansi pa mtengo wa mango, ndi zitsekerero za mabotolo zimene ndimatola kubawa ya pakomboni ngati wamisala. Ndinkaziyala m'mizere: mizere inayi ya zitatuzitatu, werenga. Ankawerenga, ankamva ndithu, mwanayo si mbuli. Koma ndikachotsa zitsekerero n'kumufunsa pamtima, nkhope inkagwa. "Handigoni, malume," ankatero m'Chishona chawo cha ana a masiku ano, kutanthauza kuti sangathe. Tsiku lina anawonjezera, "Musadzivute. Amayi akuti zili m'magazi."

Zinandiwawa koopsa. Mwana waulesi ndimadziwa pomugwira, wamantha ndimadziwanso. Koma mwana amene amuuza kuguwa kuti anabadwa wolephera, umuyambira pati?

Bambo ankakhala pakhonde masana onse, chifuwa chitatha ndi fumbi la mumgodi, akutsokomola. Mdzukulu wawo ankawadutsa patali, moni wake wongowomba m'manja maso ali kumbali. Iwo sankadandaula. Ankangomutsatira ndi maso.

Tsiku lina tinali pa tebulo la seveni, ndipo mwanayo ankangokakamira pa fote thuu, osapitirira. Madzi anali atasiya kutuluka kumpopi monga mwa mwambo wathu wa m'tauni, ndiye bambo anali ndi chigubu chopanda kanthu pakati pa miyendo. Ndinangomva chayamba kulira, pang'onopang'ono. Bambo sanapondeko m'kalasi, mataimusi sankawadziwa ngakhale limodzi. Chimene anamva iwo ndi mwana akuphonya sitepe.

"Iwe," anatero, "usamathamange. Tsata dzanja langali."

Mwanayo anandiyang'ana maso ali tong'o, ngati waona njoka. Ndinamuuza kuti mneneri ananena za ng'oma, ndipo ichi ndi chigubu cha madzi. Akapeza vesi loletsa chigubu abwere nalo. Anaseka pang'ono mwamantha, n'kuyambanso. Seveni taimusi wani, chigubu n'kuyankha. Seveni taimusi thuu, chigubu n'kuyankha. Anadutsa fote thuu osazindikira kuti wadutsa.

Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito. Mwana akalakwa nambala ndinkakuwa ndine, chifukwa bambo akanatha kumuvomereza ngakhale atati seveni taimusi eyiti ndi handiredi. Akaphonya kugunda ankakalipa ndi bambo, ndipo ankakalipa zenizeni, monga ankachitira ndi anyamata a pabwalo la gule kalelo. Tebulo lililonse analipatsa kaimbidwe kake. La nayini analipatsa kaja kothamanga kamene kankautsa komboni yonse Loweruka masana ife tili ana, amayi n'kumasiya mbale zosatsuka. Bambo akatopa ankatsokomola mpaka misozi, ife n'kudikira, kenaka n'kuyambiranso.

Mpando wa mwana unayamba kusendera wokha kukhonde. Posakhalitsa ndi iye amene ankathira madzi m'ndowa kuti chigubu chipezeke chopanda kanthu. Mtedza wokazinga wa bambo, uja woletsedwa uja, ankatha nawo limodzi. Samu zogawa zinayamba kutuluka, chifukwa munthu wodziwa mataimusi kugawa sikumuvuta. Kusukulu mamalikisi anakwera, ndipo achemwali ataona zimenezo anakagula botolo la mafuta lalikulupo. Ine m'mawa wa mayeso ndinangomupatsa mwanayo pensulo youma ndi labala watsopano, zodzozedwa zija n'kuzisunga m'thumba mwanga kuti zidalitse ine.

Bambo sanadikire zotsatira. Mvula yoyamba itangogwa chifuwa chinawatenga. Pamaliro panabwera anzawo akale a pakomboni, nkhalamba zochepa zimene zatsala, ng'oma zili m'khwapa, kuti amuperekeze mnzawo monga amaperekezera munthu wa gule. Achemwali anaima pageti ndi amayi a kutchalitchi. "Pano za mdima ayi," anatero. Ndinakangana nawo mpaka mawu anandithera, koma iwo ndi aakulu, ndipo kumbuyo kwawo kunali khamu. Nkhalamba zija zinatembenuka mwakachetechete n'kubwerera ndi ng'oma zawo. Munthu amene anaimbira maliro a komboni yonse tinamuika ndi kiyibodi ya batire. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Zotsatira zitatuluka, mwana anakhoza masamu, ndipo anakhoza bwino. Alamu anayang'ana pepala nthawi yaitali, n'kunena kuti khasu lidikire, mwana apite fomu wani. Achemwali anandiitana kutchalitchi Lamulungu lotsatira kuti ndikaone ndi maso anga mphamvu imene ndimainyoza. Ndinapita, nanga ndikanakana bwanji mwayi wophunzira?

Achemwali anapereka umboni wautali, wa themberero la kumtundu limene linadulidwa, wa mafuta, wa ng'oma imene inatsekedwa pakamwa mpaka kumanda. Anthu anakuwa ameni. Mneneri, pofuna kuti osakhulupirira ngati ine tichite manyazi, anaitana mwana kutsogolo n'kumuika maikolofoni pakamwa.

"Nayini taimusi seveni!"

Mwana anauma. Anthu onsewo, maso onsewo. Mumtima ndinati basi, lero chiwanda chabwerera. Kenaka dzanja lake lamanja linatsika n'kuyamba kugunda pantchafu, pa siketi ya yunifolomu. Maikolofoni inatola kugundako n'kukutulutsa m'masipika onse. Kanali kaja kothamanga kaja.

"Sikisite fili," anatero.

Tchalitchi chinaphulika. Mneneri anafunsa ina, mwana anagunda n'kuyankha. Anafunsanso ina. Woimba ng'oma za tchalitchi, wobadwa dzulodzuloli amene bwalo la gule sanalionepo, anakamva kaimbidweko kakukoma n'kukatola. Wa kiyibodi analowa. Posakhalitsa mpingo wonse unali chiimire, madikoni, amayi a yunifolomu, mneneri ndi nsapato zake zosongoka, onse akutimba fumbi pa ng'oma ya bambo anga, akuthokoza kuti anamasulidwa kwa iyo.

Achemwali anali atayamba nthungululu, dzanja lili pakamwa. Koma iwo anakulira pakomboni monga ine, anabadwa ng'oma imeneyo ikulira kuseri kwa nyumba. Ndinaona maso awo akutsika kuchoka pankhope ya mwana kufika padzanja lija. Nthungululu inathera pakhosi. Anatembenuka kundifunafuna m'khamumo, ndipo atandipeza sindinayang'ane kumbali.

Anakhala pansi pabenchi, anadziphimba kumaso ndi chitenje, n'kuyamba kulira maliro amene sanalire kumanda. Mwana anali akugundabe. Ine sindinapite kukawatonthoza.