Anesi a pa Geti la Fakitale

Pa fakitale yokazinga tchipisi cha m'mapaketi, aliyense ankawatchula kuti Anesi, chonsecho sanagwirepo ntchito kuchipatala. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala. Lole ikaima pa geti, mayiwa ankatola mbatatesi m'matumba osiyanasiyana, n'kuidula, n'kudonthezera madzi ake pa kachipangizo kokwana m'dzanja. Kachipangizoko kankaonetsa kuchuluka kwa shuga.

"Anesi, odwala angawa agonekedwa kapena atuluka?" madalaivala ankafunsa motero, akuseka.

Mbatatesi ikasungidwa pozizira kwambiri imachuluka shuga. Ikalowa m'mafuta owira, tchipisi chimadera, ndipo mumapangika poizoni wosamveka pakamwa amene akatswiri amamukayikira kuti angayambitse khansa. Anesi asanapite pa geti anali wokazinga, ndipo tchipisi chodera chimene fakitale inkataya ankatengera ana awo. Tsiku limene anamva za poizoniyo analeka kuwatengera. Ntchito yoyeza itapezeka, anaipempha okha.

Chaka china kunja kukuzizira, panafika lole ya mchimwene wawo wamkulu, mlimi amene analera Anesiwo bambo awo atamwalira. Kanali koyamba kuti fakitale ivomere kumugula mbatatesi. Anabwera atavala jekete lake la kutchalitchi.

Anesi anayeza. Anapukuta mpeni, nasintha kapepala koyezera, natola mbatatesi ina pansi penipeni pa lole. Anayezanso, koma shuga anali wokwerabe ndithu.

"Achimwene, munaisunga kuti?"

"M'chipinda chozizira chija, kuti isaphuke. Bwanji, yawola?"

"Sinawole. Koma siingakazingidwe."

Mlimiyo anatola imodzi, naipukuta pa jekete.

"Taiona, mlongo wanga. Ilibe chilema ngakhale chimodzi. Kakanthu kako kokha ndi kamene kakuona vuto. Angadziwe ndani?"

"Ndidziwa ine, achimwene. Amadya ndi ana asukulu."

"Nanga anga sadya?"

Anesi anamuuza kuti mbatatesiyo ndi yabwino kuphika m'madzi, komanso kuti ikakhala pofunda kwa kanthawi shuga angatsikeko. Iye sanamvere. Anakwera lole, dalaivala naibweza chammbuyo, pakuti pa getipo panalibe pokhotera. Madalaivala ena pamzere anangoyang'ana pansi. Anesi anaitana lole yotsatira, koma podula mbatatesi mpeni unawacheka chala.

Mbatatesi ija inakagulitsidwa motchipa kumsika, ina inawolera m'matumba. Chaka chotsatira mchimweneyo sanabzale. Mkazi wake analeka kuyankha moni wa Anesi, ndipo mwana wa mchimweneyo atakwatiwa, Anesi uthenga anaumva kwa anthu ena.

Anesi anagwirabe pa geti mpaka maso atayamba kuchita khungu, osathanso kuwerenga manambala. Atapuma ntchito anamva kuti mchimwene wawo wafa ziwalo mbali imodzi. Anapita osaitanidwa. Mlamu wawo anatsegula chitseko, nawayang'ana nthawi yaitali, kenako anapatuka.

Wodwalayo anali pampando pafupi ndi zenera, pakamwa patapindika. Mawu ankatuluka movutikira.

"Wabwera?"

"Ndabwera, achimwene."

"Wakalamba iwe."

Kuyambira pamenepo Anesi ankapita m'mawa uliwonse kukam'sambitsa kumaso ndi kumumeta ndevu, mwina mlamu wawo atagwirizira beseni. Anatero mpaka mchimweneyo anamwalira, mvula itangoyamba.