Kaburashi ka Adadi

Mankhwala amene ndikupaka adadi m'mawondo masiku ano amanunkha bulugamu. Fungo limeneli limandibwezera pabwalo lafumbi la ku Kahawa m'dziko la Kenya, kumene Loweruka lililonse ankayimbira masewero a ana asukulu a besibolo, mpira womenya ndi ndodo.

Ndinali wamng'ono, masewerawo sindinkawadziwa. Ndinkangoona adadi atavala chigoba cha zitsulo kumaso, atanyonyomala kumbuyo kwa wowakha mpira, dzuwa likuwotcha. Akaimirira pang'ono ankatulutsa kaburashi m'thumba, n'kuwerama kusesa kambale koyera kamene womenya mpira amaima pambali pake, kenako n'kunyonyomalanso. Kusukulu kwathu wonyonyomala ndi wosesa anali wolakwa basi.

Tsiku lina ndinawamva akubuula podzuka, ndipo mtima sunandilole. Ndinathamangira m'bwalo masewero ali mkati, n'kukagwira mwendo wa mphunzitsi wa timu ina, bambo wa ku Kenya amene Chichewa sankachimva n'komwe.

"Chonde akhululukireni adadi, sadzachitanso," ndinatero ndikulira.

Adadi anakweza manja onse awiri kuimitsa masewero, kenako anandinyamula. "Palibe wandilanga, mwanangu. Ndikaima chilili mpira sindiuona bwino, ndiye ndimlakwira mwana wa eni."

Lero m'mawa ndawagwira m'khwapa katatu kuti afike kubafa, ndipo katatu konse abwerera pampando. Adokotala akungoti tidikire.

"Ndisiye, Tadala," akutero osandiyang'ana.

Sindikuwasiya, ndikupakabe. Koma amene ndingakamugwire mwendo kuti awakhululukire, tsopano sindikumuona.