Ngalande ya Mkamwini

Ndinali nditangochotsa chibuma pakamwa pa ngalande, madzi atayamba kulowa m'mizere yanga ya mbatata ya kachewere, pamene alamu anga anatulukira. Amenewa ndi mlongo wake wa malemu mkazi wanga, mwini mbumba. Sanandipatse moni. Anatola chibuma chomwe chija n'kuchibwezera pamalo pake, n'kuchitsindira ndi jombo.

"Alamu, lero ndi Lachitatu," ndinatero.

"Ndikudziwa. Kalendala ndili nayo kunyumba."

"Lachitatu ndi langa."

"Linali la mlongo wanga. Mlongo wangayo tinamuika mwezi watha. Inu munalipo."

Madzi anabwerera m'ngalande n'kupitirira kumunsi kwa anthu ena. Kachewere wanga anali atachita maluwa. Amene analimapo amadziwa. Akachita maluwa ndiye kuti pansi wayamba kuika, ndipo ukamumana madzi masabata awiri udzakumba tinthu tonga mazira a nkhunda.

Ngalande imeneyo ndinakumba ndine.

Kwathu ndi ku Kaphuka. Ku Mphunzi ndinapita kukakwatira, chikamwini. Apongozi anandilozera malo m'tsinde mwa phiri, a miyala, ouma. Madimba a kudambo anali ndi eni ake. Ife tinkadalira chimanga cha dzinja basi, ndipo chaka chilichonse nkhokwe inkatha mvula isanagwe. Ndinkapita kuganyu m'madimba a anzanga, kuwathirira ndi makeni, iwo atakhala pamthunzi.

Tsiku lina ndinakwera phiri kukafuna mitengo ya denga. Pamwamba ndinapeza kasupe. Madzi ankatuluka pansi pa mwala waukulu, pakati pa mitengo ya katope isanu ndi mkuyu umodzi. Pamalopo panali pozizira ngakhale mu Okutobala. Madziwo ankayenda pang'ono n'kugwera m'khwawa, osathandiza munthu aliyense. Anthu a m'mudzi ankawadziwa. Palibe amene anaganiza zowatsitsa.

Ndinayamba ndi khasu ndi piki yobwereka. Choyezera ndinalibe. Ndinkakumba mkono umodzi, n'kuima, n'kudikira. Madzi akanditsata pang'onopang'ono, ndiye kuti ndalondola. Akaima, ndakwera. Akathamanga, ndatsika kwambiri, adzakokolola dothi, ndiyenera kukwirira n'kuyambanso. Mphunzitsi wanga anali madziwo. Zinanditengera zilimwe ziwiri, ndipo makasu atatu anathera pamenepo. Pakhwawa ndinaika thunthu la bulugamu, nditalisema mkati ndi sompho kuti madzi awolokerepo.

Anthu ankaseka. Alamu anga omwewa ankaima m'njira popita kumowa.

"Alamu, mukamaliza kuphunzitsa madzi kuyenda, mudzakwerenso kumwamba mukatitengere mvula!"

Mkazi wanga ndiye ankayankha, akusenza dothi la pachulu m'dengu lomatira m'mbali mwa ngalande.

"Asiyeni aseke, mano ndi awo," ankatero. "Inu kumbani."

Tsiku limene madzi anafika m'munda mwathu, iye anakhala pansi m'matope momwemo, chitenje chonse chitanyowa. Chaka chimenecho tinakumba kachewere mu Seputembala, anthu ena akudya kamodzi patsiku, ndipo tinakagulitsa ku Mayani pa ngolo.

Oseka aja anabwera ndi makasu awo. Aliyense ankafuna mphanda yake. Ndinawalola. Madzi sindinapange ndine. Mkazi wanga anagawa masiku, banja lililonse tsiku lake. Ife tinatenga Lachitatu. Lamlungu madzi tinkawabwezera m'khwawa kuti ziweto zimwe, ifenso tipite ku misa.

Lamulo langa linali limodzi: pakasupe pasafike nkhwangwa, pasafike khasu, pasafike moto. Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma ndinkakwera ndekha kukalambula mozungulira mitengo ija. Chifukwa ndinkapita ndekha, mbiri inamveka yoti ndinakwirira mankhwala pansi pa mwala, ndipo ndimakawadyetsa. Ndinaimva. Sindinaitsutse. Ndinaona kuti mantha akulondera mitengo kuposa mawu a mkamwini. Munthu wofuna nkhuni ankalambalala kutali.

Kulakwa kwanga n'kumeneko. Zaka zonsezo sindinakhazike munthu mmodzi pansi n'kumuuza kuti mankhwala ake ndi mitengo. Ndine munthu wosalankhula. Ndinkayesa kuti ali ndi maso.

Patapita zaka kunabwera a bungwe lina pa galimoto yoyera. Anayenda m'ngalande, anajambula zithunzi, anatipatsa simenti yomata kuyambira pakhwawa mpaka kumunsi. Thunthu langa la bulugamu analichotsa n'kuikapo paipi. Anati pakhale komiti, ndipo alembedwe eni minda. Eni minda ndi eni mbumba. Alamu anga anakhala tcheyamani. Ine ndinanyamula mchenga. Pachikwangwani chimene anazika m'mbali mwa msewu panalembedwa kuti ngalandeyi anaimanga ndi anthu a m'mudzi mothandizidwa ndi bungwelo. Mkazi wanga anandiona ndikuwerenga.

"Dzina langa lilipo m'buku mwawo," anatero. "Dzina langa ndi lanu lomwe. Mukudandaula chiyani?"

Ankanena zoona, iye ali moyo.

Anadwala miyezi inayi. Kachewere uja ndinabzala iye ali chigonere, ndipo ankandifunsa kuti wamera bwanji. Anamwalira kachewereyo asanachite maluwa.

Ndiye Lachitatu lija, nditaima m'matope, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinapempha.

"Masabata atatu, alamu. Ndikumbe, ndizipita."

"Mundawu ndi wa mwana wa mlongo wanga. Pakuti ali kutauni ndi mwamuna wake, ndimusungira ndine. Madzi akewo ndigawa ndine."

"Mwana ameneyo ndi wanga."

"Munabereka, zikomo. Koma paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Panali amayi awiri akupalira anyezi chapafupi. Onse ankadya za ngalande imeneyi. Anaweramitsa mitu n'kupitiriza kupalira.

Ndinabwerera ku makeni. Khwawa lili patali, ndipo pobwerako ndi chitunda. Ndinali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Ndinkanyamula makeni awiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ngalande yanga ikuyenda pambali panga yodzaza. Ndinapulumutsa mizere inayi. Ina yonse inafota. Zimene ndinakumba sizinadzaze matumba awiri.

Kenaka abale a mkazi wanga anandisudzula, monga mwa mwambo, kundimasula kuti ndibwerere kwathu. Analankhula mawu abwino. Anati ndinakhala nawo bwino, sindinayambanepo ndi munthu. Za madzi palibe anatchula. Ndinatenga bulangete, khasu ndi sompho uja. Ku Kaphuka ndinafikira kwa mlongo wanga. Kumenekonso ndinali mlendo, ana a m'mudzi osandidziwa.

Zinapita zaka ziwiri. Mwana wanga wamkazi uja anabwerera kumudzi ntchito ya mwamuna wake itatha, ndipo anayamba kulima munda wa amayi ake. Chilimwe chathachi, mu Seputembala, anandiimbira foni.

"Ababa, madzi aphwa."

"Nkhanu zaboola. Matani ndi dothi la pachulu."

"Tamata paliponse. Sakubwera n'komwe. Amalume akuti mubwere."

"Iwo alibe pakamwa?"

"Ali pompano. Akuchita manyazi. Ababa, kachewere wanga wachita maluwa."

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza m'mawa mwake, khasu nditalipingasa pamiyendo.

Alamu anga anandilandira ndi manja awiri. Ananditulutsira mpando wa ndalema, womwe pa zaka zonse zija sindinaukhalepo. Anafunsa za ku Kaphuka, za mlongo wanga, za miyendo yanga. Kenaka anatsitsa mawu.

"Alamu, zakale zinapita. Tonse ndife anthu, timalakwa. Masulani madzi."

"Ndimasule chiyani?"

"Aaa, musatero. Tikudziwa kuti munachoka ndi mtima wowawa. Masulani basi. Lachitatu lanu tikubwezerani. Ndi Lachinayi lomwe, ngati mukufuna. Nyumba ija ilipo, tingofolera."

Ndinene zoona. Ndinalifuna Lachitatu limenelo. Ku Kaphuka ndinkadzuka Lachitatu lililonse manja akuyabwa, wopanda chibuma choti ndichotse. Ndinaganiza kuti mwina ndi paipi yatsekeka ndi mizu, kapena simenti yang'ambika pansi pomwe maso saona. Zimenezo ndikanakonza tsiku limodzi, iwo n'kumati ndamasula. Sindikanawatsutsa.

"Tiyeni tikaone," ndinatero.

Tinanyamuka atatu, ine patsogolo, alamu pambuyo, mwana wanga kumapeto. Tinadutsa pamunda pake. Masamba a kachewere anali atagona, maluwa akuyoyoka. Pambali panali makeni awiri, omwe aja ndinawasiya.

Ndinatsata ngalande. Simenti inali youma, abuluzi akuothera dzuwa mkati. Ndinaima pamalo ponse pamene ndinkadziwa kuti pamavuta. Papaipi ndinagwada n'kusuzumira, ndinaona kuwala mbali inayo. Sinatsekeke. Kumtunda kwa khwawa, kumene kulibe simenti, dothi la pansi pa ngalande linali litang'ambika ngati chidendene. Ndinakanda ndi khasu. Fumbi.

Tisanafike pakasupe ndinadziwa kale. Pamalo pamene kale mphepo yozizira inkakuchingamira, dzuwa linkawotcha pakhosi.

Mitengo kunalibe. Kunali zitsa zisanu za katope ndi chitsa chachikulu cha mkuyu, chakuda ndi moto. Chapambali panali dzenje la uvuni wa makala. Mizere yakale ya kachewere inafika mpaka pamwala penipeni. Ndipo kuzungulira mwalawo panali maenje ambirimbiri, ena ofika m'chiuno.

"Dothi la pano ndi lakuda, lachonde," anatero alamu. "Chaka choyamba tinakolola kachewere wonga nkhonya. Madzi analipo ndithu. Chaka chatha anachepa. Chaka chino ndi izi."

"Maenjewa?"

"Tinkafuna chija munakwirira. Takumba paliponse, sitinachipeze. Munabisa mwaluso, alamu, pamenepo tikugonjerani."

Anaseka pang'ono, kuti nanenso ndiseke.

Ndinagona chamimba n'kulowetsa mkono pansi pa mwala mpaka paphewa, pamene kale madzi ankakankha dzanja. Ndinatulutsa mchenga. Unali wozizira koma wouma, muli nyerere.

Ndinakhala pansi. Ndinayang'ana zitsa zija. Pamene ndinaipeza mitengo imeneyi ndili mnyamata, inali kale yoti munthu mmodzi sangaifungatire. Sindikudziwa amene anaiona ili yaing'ono. Ndinaganiza za mkazi wanga ndi dengu lake la dothi, kukwera ndi kutsika phiri limeneli ali ndi pakati pa mwana yemweyu amene anaima kumbuyo kwanga.

"Ndiye tiyambe ndi chiyani?" anafunsa alamu. "Ngati ndi nkhuku yakuda, ilipo. Ngati ndi ufa wa mawere, titumiza munthu. Kutchalitchi sitikanena, musaope."

"Ababa," anatero mwana wanga, "nenani kanthu."

Ndikanati chiyani? Kuti palibe chimene ndinakwirira? Sakanakhulupirira, ndipo wowaphunzitsa kusakhulupirira ndinali ine ndemwe. Kuti madzi anapita ndi makala pa njinga ku Mayani? Kachewere wa mwana wanga anali ndi masabata awiri. Mtengo wa katope sudziwa masabata.

Pachitsa chimodzi, cha kumunsi, panali mphukira. Zinali zitatu kapena zinayi, zofiirira, zazifupi ngati chala. Pachitsa chomwecho panamangidwa mbuzi ya alamu anga, chifukwa pamenepo ndi pomwe panatsala tiudzu tobiriwira. Inali itadya kale mphukira za mbali imodzi, ndipo inkakoka chingwe kuti ifikire zotsalazo.

Ndinadzuka. Ndinamasula chingwe pachitsapo, ndinaikoka mbuziyo kuichotsa, n'kuwapatsa alamu chingwecho m'manja. Anayang'ana chingwe, anayang'ana ine. Nkhope yawo inawala.

"Mbuzi? Mukufuna mbuzi? Aaa, bwenzi mutanena kale! Tengani, alamu, tengani. Tiiphere pompano kapena kumudzi?"

Mwana wanga sanayang'ane mbuzi. Anayang'ana chitsa, kenaka anandiyang'ana ine. Sindikudziwa chimene anaona.

Ndinatola khasu langa n'kuliika paphewa. Ndinatsika ndi m'ngalande momwemo, pakati penipeni, poti munali mouma ndipo ndi njira yachidule yokafika kumsewu. Kumbuyo alamu ankaitanabe, akufunsa ngati ikhale yaikazi kapena tonde.