Zomera Zosafuna Munthu

A Kefasi sankasukusula pamtetete. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi kambale ka madzi, n'kupita pakamtengo kamene kanali kakang'ono kuposa tonse pakhomo pawo, n'kunjuta pamenepo. Ankasamba kumaso ataweramira kamtengoko kuti madzi otsika pachibwano agwere patsinde. Otsala m'mbale ankawathira pomwepo pang'onopang'ono. Kamtengoko kakafika m'chiuno ankakasiya, n'kusamukira pa kena.

A Elias, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula tsidya lina la njira, ankaziona zimenezi ali pakhonde pawo. Onse awiri anali akamwini m'mudzi umodzi wa kwa Zulu. A Elias kwawo kunali kungodumpha malire, ku Zambia. A Kefasi anali a ku Phalombe. Anabwera ku Mchinji pa lole ya esiteti kudzagwira utenanti wa fodya, ndipo kumeneko anakwatira a Luwiza, mwana wa m'mudzimo. Esitetiyo itagwa, chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri koyamba, a Luwiza anati, "Tiyeni kwathu." Anafika ndi mphasa, makasu, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Agnes.

Mwini mbumba anali a Mateyo, mlongo wawo wa a Luwiza. Iwo anawalozera malo kumapeto kwa mudzi, padothi lofiira louma gwa, pomwe madzi a mvula ankadutsa n'kukumba kangalande. Nyumba itatha, chinthu choyamba chimene a Kefasi anachita chinali kudula nkhadze n'kuzika kuzungulira pakhomo. Nkhadze sifuna madzi, ndipo mbuzi siidya. Anaona ngati aganiza bwino.

M'mawa mwake a Mateyo anatulukira, manja ali kumbuyo.

"Alamu, mwadzuka?"

"Tadzuka, kaya inu alamu."

"Izi mwazika ndinu?"

"N'chifukwa cha mbuzi, alamu."

"Kaya kwanu ku Phalombe. Kuno nkhadze timabzala pawiri: pamalire ndi kumanda. Ndiye inu mukudulirana malire ndi yani? Kapena mwaika yani pamenepa?"

A Kefasi anazula zonse tsiku lomwelo. Utomoni wake unawagwera m'diso, ndipo anayenda mlungu wathunthu diso limodzi lili psuu. A Elias anawaseka ndithu.

"Achimwene, munayamba ndi mpanda? Ine zaka zonsezi ngakhale khola la nkhuku ndimapempha kaye. Mkamwini ndi khasu lobwereka. Eni ake akalifuna salonjera."

A Kefasi sanaseke. Anapukuta diso lija n'kunena kuti, "Basi ndizibzala zoti ndikadzachoka zisadzandifune."

Ndipo anachitadi zomwezo. Kumunda kwa chimanga ndi mtedza ankalima monga wina aliyense, koma pakhomo anali ndi nzeru zawozawo. Nthochi anabzala kuseri kwa bafa, komwe madzi osamba amatulukira. Pansi pa thandala la mbale anaikapo mpiru ndi tsabola, kuti otsuka mbale azithirira osadziwa kuti akuthirira. M'kangalande muja anadzazamo miyala ndi mapesi, m'mbali mwake nabzala kapinga, ndipo mvula yachiwiri madzi anayamba kudutsapo mwaulemu. Bonongwe ndi chisoso sankazula. Ankazisiya zikhwime, njere zigwe zokha. Nandolo, amene anthu a kuno sankamulabadira, anamumwaza kumbuyo kwa nyumba, mpaka ana a m'mudzi anayamba kuwatcha a Nandolo.

Za mbuzi anathana nazo popanda mpanda. Kamtengo kalikonse ankakavundikira ndi chidebe chothera pansi, mwa zija a Elias alephera kuzikonza, n'kuikapo minga pamwamba. Makoko a mtedza, amene anzawo ankawaotcha akatha kusenda, iwo ankawatuta m'matumba n'kuwayala mokhuthala patsinde pa chomera chilichonse. Mapesi a fodya ankawaduladula n'kusakaniza momwemo chifukwa cha chiswe. Mwezi wa Okutobala, pamene dothi la m'mudzi monse limawotcha mapazi, munthu ukapisa dzanja pansi pa makoko aja unkapeza pozizira.

Amene anavutika nazo poyamba anali a Luwiza. Mkazi wa kuno amadziwika ndi tsache. Pabwalo pazikhala mbee, mizere ya tsache ikuoneka, masamba ataunjikidwa n'kuotchedwa dzuwa lisanakwere.

"Abambo ake Agnes, ndiye ndisese pati? Apa musasese, apo musasese. Anzanga kuchitsime akuti ndathyoka mkono."

"Sesani njira yokha ndi pakhonde. Masambawo kankhirani patsinde."

"Njoka ikadzatiluma mudzaikankhiranso patsinde?"

"Ikadzabwera ndidzakambirana nayo. Nayonso ndi yobwera."

A Luwiza ankatsonya, kenako n'kuseka. Patapita zaka, iwo omwewo ndiwo ankakalipira ana obwera kudzathandiza kusesa. "Iwe, tsache lakolo lithere pamwalapo. Uko n'kwa eni ake."

Pofika nthawi imene Agnes anatha msinkhu, munthu wochokera kumsewu ankalozeredwa kuti, "Mukaona pobiriwira, mwafika kumapeto kwa mudzi." Panali mapapaya, magwafa, mango awiri, ndi chigwada cha mtengo chimene chimaphuka ngakhale uchidule chotani. Pakati pa bwalo a Kefasi anaimika mitengo n'kuyalapo nsungwi, magalagadeya nakwera n'kupanga mthunzi. Sanali munthu wokhalira kuthirira. Chitsime chinali kutali, ndipo kheni analibe. Chomera chimene chinkafuna kunyengereredwa ankachisiya chife, osabzalanso mtundu wake.

Chaka cha njala, chija anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, akazi a m'mbumba monse ankabwera ndi malichero kudzathyola chigwada. A Mateyo anayamba nthawi imeneyo kumakhala pansi pa magalagadeya masana, ndipo njala itatha sanasiye. Anabweretsa bawo lawo n'kulisiya konko. Kuyamikira sankadziwa. Ankadya papaya mpaka kukanda khoko, kenako n'kunena kuti, "Alamu, mapapaya anuwa ndi aang'ono."

"Ndi dothi lanu, alamu," ankayankha a Kefasi.

Mawu awo ankathera pomwepo. Za zomerazo a Mateyo sanafunsepo kanthu, ndipo za nkhadze zija palibe anazitchulanso.

A Luwiza anadwala dzinja la 2005, ndipo chimanga chisanache anatisiya. Maliro atatha, anthu atameta, panatsala mwambo wosudzula. Akuchikazi amakhala pansi n'kumasula mwamuna wotsalayo. Akafuna amamuuza kuti akhale, aziyang'anira ana. Akapanda kutero, munthu amamanga katundu. Anagwirizana kuti zichitike anthu akatha kukolola.

A Kefasi ankafuna kukhala. Sanauze aliyense kupatula a Elias, tsiku lina akuwagwirira lata.

"Ku Phalombe makolo anatha. Munda anagawana ana a mlongo wanga. Ndikakhala mlendo kuposa kuno. Ndiye Agnes ndi uyu ali ndi pakati."

"Muwauze alamu anu."

"Mlendo sadziyalira mphasa."

Tsiku losudzula litafika, mbumba inasonkhana pansi pa magalagadeya pomwepo, amayi pamphasa, abambo pamipando. Abale a a Kefasi anali kutali, choncho a Elias ndiwo anakhala mbali yawo. Atapemphera, a Mateyo anayankhula mawu ake a mwambowo. Anati alamu awo anasunga bwino mlongo wawo, anamudwazika mpaka mapeto, ndipo mbumba ilibe nawo chifukwa. "Lero takumasulani. Njira zonse ndi zanu."

Apo anaima. Anayang'ana nthochi, nayang'ana mapapaya, nakanda kumutu.

"Koma nanga zomera zonsezi, alamu? Ife sitizidziwa. Mukapita azisamala ndani?"

A Elias mtima unakhala pansi. Ankawadziwa a Mateyo. Munthu amene anazulitsa mlamu wake nkhadze sakanatha kunena pagulu kuti khalani, tikukufunani. Apa ndi pamene anathera. Chinangotsala n'choti a Kefasi aweramitse mutu n'kunena kuti zoonadi zimafuna munthu, ndipo a Mateyo akanati basi muzikhala muziziona.

Koma a Kefasi nkhope inali itawala. Zaka zonsezo mlamu wawo anali asanawafunsepo za ntchito ya manja awo.

"Musade nkhawa, alamu. Izi sizifuna munthu. Nthochi zimamwa kubafa. Bonongwe amadzifesa yekha. Makokowa mukangowonjezera mukatha kusenda mtedza, basi."

A Elias anatsokomola. Anawaponda chala. A Kefasi anangosuntha phazi.

"Ngakhale chilimwe?" anafunsanso a Mateyo, mawu atatsika.

"Ngakhale chilimwe. Mutha kutseka nyumba chaka chathunthu, mudzapeza zili moyo."

Mayi wina anaweramitsa nkhope. Agnes anadzuka n'kulowa m'nyumba.

"Chabwino," anatero a Mateyo. "Mwamva nonse."

Anthu atabalalika, a Elias anawakokera kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, mwatani? Munthu wakuyalirani mphasa, inu mwaipinda nokha n'kumubwezera!"

"Anafunsa za zomera."

"Anafunsa za inu! Mateyo ndi papaya zinayamba liti kudandaulirana?"

A Kefasi anayang'ana pansi. Kenako anangoti, "Ooh."

Kutacha a Elias anapita kwa a Mateyo. Anawapeza akusenda mtedza, makoko akuwaponya m'thumba m'malo mowataya.

"Akulu, munthu uja sanamve."

"Ndinafunsa kawiri pamaso pa mbumba. Ndifunse kachitatu ngati ndikufunsira mbeta?"

"Ndi wa kutali. Chichewa chathu chokhotakhotachi chimamudutsa."

"Chathu? Inunso mwayamba liti kukhala wa kuno?" A Mateyo anamwetulira pang'ono, koma sanakweze maso. "Abwere anene okha kuti pakhomopo pakuwafuna. Ine sinditseka khutu."

A Elias anabwera nawo mawuwo akuyenda mofulumira, poganiza kuti nkhani yatha. A Kefasi anamvetsera, nadzuka, nayamba kuzungulira pakhomo pawo. Anaima pa nthochi. Anapisa dzanja pansi pa makoko. Anagwedeza mtengo wa magalagadeya kuona ngati chiswe chalowa, koma unali nganganga. A Elias ankangowatsata ndi maso.

"Ndikanene kuti chifa n'chiti?" anafunsa a Kefasi atabwerera. "Palibe."

"Ababa, ingonenani," anatero Agnes ali pakhomo. "Amalume akungofuna mawu. Nenani kuti nthochi zifa."

"Sizifa, mwanawe. Ndikanena, mawa ndizidzakhala pano ndikudziwa kuti chandisunga ndi bodza. Iwonso azidzadziwa."

"Nanga ine? Ine sindikufunani?"

"Iwe uli pakwanu. Uli ndi mwamuna, uli ndi amalume ako. Sanafunse za iwe."

Agnes anapita yekha kwa amalume ake, nabwerako ndi yankho lomwe lija. Masabata anapita. A Mateyo anasiya kubwera kubawo. Akakumana panjira ankalonjerana bwinobwino, kufunsana za chifuwa ndi mtengo wa feteleza, aliyense akudikira mnzake. A Elias anayesanso kamodzi, kenako anasiya. Anaona kuti akukhoma chidebe chimene eni ake sakufuna kutungira.

A Kefasi sanaoneke owawidwa mtima. Masiku otsalawo anatha akututa makoko ndi kusintha nsungwi zofooka. Anamuonetsa mkamwini wawo, mwamuna wa Agnes, podulira chigwada kuti chiphukire m'munsi. Mnyamatayo anafunsa ngati angazike kampanda kumbali ya njira.

"Kafunse kaye," anatero a Kefasi. "Ndipo usatchule nkhadze."

Ananyamuka mwezi wa Julayi, kukuzizira. A Elias anadzuka m'mamawa n'kukhala pakhonde atafunda bulangete. Wakabaza anali atafika kale, akumangirira thumba ndi khasu kumbuyo kwa njinga. Kumtunda, pafupi ndi khola lawo, a Mateyo anali ataima ngati akuyang'ana mbuzi.

Chitseko chinatseguka. A Kefasi anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, kambale ka madzi kali m'manja. Anadutsa njinga ija n'kupita m'mbali mwa njira, pomwe panali kapeyala kamene kanamera dzinja lomwelo, kosafika n'komwe m'bondo. Anachotsa minga, nakwinya manja a jekete, nanjuta. Anasamba kumaso ataweramira m'chidebe chothera pansi chija, madzi akutsika pachibwano. Otsala anawathira pang'onopang'ono, akudikira kuti alowe, kenako anakokera makoko patsinde ndi zala n'kubwezerapo minga.