Mkamwini Amene Sitinamusudzule

A Alimando Jemuse anafika kwathu kuno, kumtunda kwa Lizulu, m'chaka cha 1986, nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake. Anzawo othawa nkhondo ankabwera ndi mbuzi, ena mphasa. Iwo anabwera ndi levulo yoonera ngati chinthu chapendekeka, masipanala atatu ndi pepala la Chipwitikizi lonena kuti ndi injiniya wa za madzi. Pepalalo palibe analiwerenga. Tinangowakhulupirira poona mmene ankapenyera phiri, ngati munthu amene ali nalo mlandu.

Anakwatira msuweni wanga Dailes, nakhala pachikamwini. Kwawo kunalibenso. Mudzi unatenthedwa, ndipo abale amene anawafufuza nkuwapeza, anawapeza ali m'manda.

Dailes anali wodwaladwala msana. A Alimando atamuona akukwera chitunda ndowa ili pamutu, anatenga chingwe nkukayeza kuchokera pakasupe wa kuphiri mpaka pakhomo. Zaka zitatu ankati akaweruka kumunda wa kachewere, amakumba ngalande nkumayala mapaipi. Tsiku limene madzi anatuluka pampope, mudzi wonse unakhamukira pamenepo.

"Mayi a Tisungane," anatero, "ndowa ija muzisungiramo nyemba."

Mawu achikondi amene ndinawamvapo pakamwa pawo ndi okhawo. Koma Loweruka lililonse ankakhala pakhonde kuluka tsitsi la ana awo aakazi, Tisungane ndi Atikonda, mizere yowongoka ngati anaiyeza. Amuna anzawo ankaseka. Iwo ankangopempha kuti wosekayo asatchinge kuwala.

Mipope inachuluka mpaka isanu ndi umodzi, mudzi wonse nkumamwa. Amene sanasiye kutosa a Alimando anali a Geoffrey, mlongo wake wa Dailes, mwini mbumba.

"Alamu, mkamwini ndi mlendo. Musamazike zinthu zolemera pamudzi pa eni."

"Zikomo alamu. Madzi mwasambawo ndi alendonso, koma mwayera nawo."

Dailes anatisiya m'chaka cha 2011. Maliro atazizira, azakhali a pamudzi anaika tsiku losudzula, mwambo womasula mwamuna wofedwa kuti abwerere kwawo. Amuna ena awiri tinali titawasudzula kale motero, ndipo a Geoffrey ndiwo anatsogolera. Sakanatha kunena poyera kuti uyu yekha akhale. Nawo a Alimando anali munthu wa malamulo, sakanapempha. Analongedza sutikesi, najambula papepala mmene mapaipi onse akuyendera pansi, nakapereka kwa alamu awo.

"Mulowera kuti?" ndinawafunsa.

"Kutsidya kwa msewu ndi Mozambique kale. Ndikaoloka ndikaganiza."

M'mawa wa tsiku losudzula, mpope wa pakati pa mudzi unapezeka ukutaya madzi. A Geoffrey anaima pamatopepo nkhope ili gwa.

"Sitingasudzule munthu mpope ukudontha. Ayambe wakonza. Mwambo tichita mwezi wamawa."

Mwezi wamawa nati inamasuka pa thanki ya madzi. Mwezi winawo, pampope wa kumunsi. Zinthu zinkakonda kumasuka Lamulungu anthu ali kutchalitchi, ndipo nyengo yomweyo a Geoffrey anayamba kudwala mutu wa Lamulungu lokhalokha. A Alimando ankatulutsa masipanala musutikesi, nkukonza, nkuwabwezeramo. Azakhali anang'ung'udza chaka choyamba. Kenaka mmodzi anati mapaipi nawonso amakalamba, enawo navomereza msanga.

Chaka chachiwiri, tili pamsika wa Lizulu pakati pa milu ya kabichi, a Alimando anatulutsa sipanala m'thumba la jekete.

"Alamu, amene amamasula manati uja akugwiritsa pulayala. Akuwatafuna. Mukakumana naye mumupatse iyi, nambala 17."

A Geoffrey anailandira ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku.

"Anthu a masiku ano ndi osasamala. Ndikamuona ndimupatsa."

Kuyambira pamenepo manati ankamasuka mwaukhondo, popanda chipsera.

Zinatero zaka khumi ndi chimodzi. A Alimando anakwatitsa ana awo onse awiri ali pakhomo pomwepo, naluka tsitsi la zidzukulu manja atayamba kale kunjenjemera. Manda a Dailes ankawalambula okha, ndipo mvula ikagumula mbali imodzi ankabwera ndi levulo. Sutikesi sanaimasule. Inkakhala kuseri kwa chitseko, malaya ochapa nkumabwereramo.

Anamwalira mu June 2022, chisanu chili pakati, atangotsiriza kusintha kampira ka mpope wa pakhomo. Pokonza za maliro, wachibale wina wochokera kutauni anafunsa ngati sikoyenera kuti thupi lipite kwawo kwa mwini wake. A Geoffrey, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, sanadzutse nkomwe mutu.

"Munamusudzula ndinu? Ife sitinamusudzule. Mwambo uli mwezi wamawa."

Tinawaika pambali pa Dailes. Adzukulu okumba manda anabwereka levulo ija, poti palibe ankafuna kuwagoneka mopendekeka.

Chiyambire tsikulo palibe nati imene yamasuka pamudzi pano. Mipope akuisamala ndi Tisungane, ndipo masipanala awiri otsala ali kwa iye. Yachitatu a Geoffrey sanabweze, akuti womasula manati uja sanamupezebe. Mutu wawo uja unapola. Lamulungu amakhala pabenchi lakutsogolo kutchalitchi.