Vesi Lomwe Sindinalimalize

Fungo la kaki wachinyezi akamasitidwa ndi simbi ya makala limandibwezabe ku Mbayani, m'dzinja lomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Inali nthawi ya Chitaganya. Bambo anali mesenjala pa ofesi ina ya azungu m'tauni, ndipo ankayenda pansi m'mawa uliwonse, nsapato zili m'manja kuopa matope. Yunifolomu yawo ankasita ndi achemwali anga, a Esinati, omwe ankandiposa zaka zisanu. Ntchito yanga inali youzira makala.

Ndinali wachibwibwi. Mawu ankandikakamira pammero, nsagwada n'kumanjenjemera, maso ali gwa. Amayi akapita kumsika kukagulitsa mandasi, nyumba inkatsala m'manja mwa achemwali. Ankatenga mango omwe amayi atisiyira n'kuwakweza pamwamba pa kabati. "Nena bwinobwino kuti ukufuna mango," ankatero. Ndikakakamira pa "ma", ankamemeza ana a nyumba zoyandikana kuti adzamve mbuzi ikulira. Mangowo ankadya okha ine ndikuyang'ana, madzi ake akutsikira m'zigongono. Posakhalitsa mzere wonse wa nyumba zathu unaiwala kuti dzina langa ndi Rute. Ndinasanduka Mee.

Ndinakadandaula kamodzi. Amayi anali akutsuka chiwaya, ndipo sanatembenuke n'komwe. "Ndi masewera amenewo. Mkulu wako amakukonda."

Khirisimasi itayandikira, aphunzitsi a Sande sukulu anandipatsa vesi loti ndikanene pamtima m'tchalitchi. Kwa milungu itatu ndinkabisala m'chimanga kuseri kwa chimbudzi, masamba onyowa akundicheka m'miyendo, ndikuliloweza monong'ona. Ndinatulukira kuti ndikamamenya ntchafu ndi chala pang'onopang'ono, mawu ankatuluka osapunthwa. Sindinauze munthu aliyense.

Tsikulo mvula inkawomba pa malata, ndipo m'tchalitchi munkanunkha zovala zonyowa ndi mafuta odzola. Ndinaima kutsogolo nditavala diresi lomwe linawachepera achemwali. Mzere woyamba unatuluka wosalala, moti ndinaona bambo akuwongola msana. Kenako maso anga anagwera pa benchi yachitatu. Achemwali sanatulutse liwu. Anangotsegula pakamwa n'kugwedeza chibwano ngati mbuzi. Lilime langa linauma pomwepo. Ndinaima, ndinaimabe, mpaka ndinamva mkodzo wofunda ukutsika m'miyendo kulowa m'masokosi. Mayi wina wa mvano anandifunditsa chitenje n'kunditulutsa.

Kunyumba bambo anati ndawachititsa manyazi pamaso pa akulu a mpingo. Za pa benchi paja palibe anafunsa.

Chibwibwi chinatha chokha ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, koma mantha sanathe. Nditapeza malo kusukulu ya uphunzitsi ndinakana, n'kukhala zaka makumi atatu ndikusoka zovala m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ku Limbe, komwe makina ankalankhula m'malo mwanga. Achemwali atakalamba ndinawakumbutsa za Khirisimasi ija. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwenso, ukusungabe zimenezo?"

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti cholakwa chinali m'kamwa mwanga, ndipo kuti ndikadzalankhula bwino achemwali adzandikonda. Lero ndikudziwa kuti chaka cha Khirisimasi ija n'chomwe bambo anawasiyitsa sukulu kuti azilera ine, ndipo ukali wawo sukanafika kwa bambo, unangogwera wamng'ono amene anali pafupi. Ndimawamvetsa. Koma pa maliro a achemwaliwo, achibale atandipempha kuti ndinenepo mawu awiri, ndinapukusa mutu n'kukhala pansi.