Malemu Akuthirira Tomato

"Mayi, tatsegulani masowo! Munthu uyu wayima pamaso panu, akupuma, akutuluka thukuta, nsapato wavalazi ndasoka ndine dzulo lomweli. Inu mukuti anamwalira? Anamwalirira m'kamwa mwanumo?"

Amene ankakuwa choncho ndine, pawindo lachitatu la ofesi yoona za malo, Lachinayi m'mawa. Mayi wa pawindopo sanadzutse n'komwe mutu. Anangotembenuza kompyuta pang'ono kuti ndidzionere ndekha, ngati ndabwera kudzaonera kanema.

"Apa palembedwa kuti malemu," anatero. "Ndipo musamenye galasilo."

Malemu ankanenawo ndi alamu anga, amuna a achemwali anga. Anali chiimire pambali panga, chipewa m'manja, akuwerenga chikwangwani choletsa kulavula. M'thumba la jekete anali ndi kalata yonena kuti malo awo, popeza mwini wake anamwalira ndipo palibe wabwera kudzawatenga, apatsidwa kwa kampani ina kuti imangepo nsanja ya mafoni. Chigalimoto chosalaza malo chinali kubwera Lolemba.

Ine ndimasoka nsapato pakona ya msewu waukulu, pakhonde la sitolo ya mankhwala. Sukulu ndinalekera panjira, koma anthu ndimawawerenga kuyambira kuphazi, ndipo mwa onse amene ndawasokerapo palibe ankatha zidendene ngati alamu angawa. Zaka makumi awiri ndi zinayi akuwerenga mamita a magetsi, khomo ndi khomo. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, aliyense amangoti a Mita. Agalu atatu anawalumapo, onse mwendo umodzi womwewo. Iwo osakwiya. Ankangolemba nambala, n'kubweza cholembera kukhutu, n'kutseka geti bwinobwino kuti galuyo asasochere.

Chinawathyola si agalu ayi. Ndi mpando. Atabwera mamita olipiriratu ntchito yoyenda inatha, ndiye anawakhazika patebulo loyankha mafoni a madandaulo. M'mawa mpaka madzulo funso limodzi: magetsi ayaka liti? Iwo sankadziwa. Bwana wawo sankadziwa. Akaweruka, foni ya m'thumba inkayambira pomwe ya kuofesi yalekera. Gulu la abale, gulu la anzawo a kusukulu, gulu la anthu a mumsewu wawo lokambirana za zinyalala, ndi gulu lina lomwe linatsegulidwa kuti lizinena anthu a m'gulu la zinyalalalo. Onsewo ankafuna yankho lero.

Lachiwiri lina, munthu ali m'kati mowatukwana, a Mita anaika foni patebulo osaidula, anavala jekete, n'kutuluka. Anzawo akuti munthu uja anatukwana tebulo mpaka nthawi ya tiyi.

Anali ndi malo amene anagula kalekale kuseri kwa phiri la miyala, kupitirira pomwe pathera polo lomaliza la magetsi. Malo oti ngakhale mbuzi umachita kuikoka. Njerwa anaumba okha, n'kumanga chipinda chimodzi. M'mphepete mwa malata anamangirira paipi yong'amba pakati kuti madzi a mvula azitsikira m'migolo inayi. Padenga sola imodzi, pansi batire la lole, m'nyumba babu limodzi. Mbaula anapanga ndi limu la galimoto. Chitsime anakumba miyezi iwiri ndi fosholo yothyoka mpini, ndipo tsiku lomwe madzi anatuluka sanaitane munthu, anangosamba kumaso. Kenako nkhuku, mbuzi ziwiri, ndi dimba la anyezi, kabichi, mbatata ndi tomato wofiira moti ukamuona umayamba kukayikira amene umagula kumsika.

Chizolowezi ndi chizolowezi. M'mawa uliwonse amaviika ndodo yodula mizere mumgolo uliwonse n'kuwerenga madzi, cholembera chili kukhutu. Foni yawo ya m'thumba ija anaiika pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere.

"Aka n'koyamba kundithandiza," anandiuza.

Achemwali anakana kupita nawo. Iwo ndi telala, makina awo ndi a magetsi, makasitomala awo ali m'tauni. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu," anatero, "osati buluzi wa pamwala." Ndiye ine ndinasanduka mlatho. Lamlungu lililonse ndinkapita ndi mchere, sopo ndi machesi, n'kubwerako ndi jumbo la tomato. Achemwali ankamudula tomatoyo uku akutukwana mwini dimba, koma sanatayepo ngakhale mmodzi.

Tsono mverani pomwe panafera munthu. Ofesi ya malo ija inkakonza mabuku ake, n'kutuma mesenjala wachikulire wa panjinga, waulemu wopitirira muyezo, kukhomo kwa achemwali. Anawapeza aluma singano, akulimbana ndi zipi.

"Bambo alipo?"

"Anatisiya."

Mesenjala anavula chipewa. "Pepani, mayi. Liti?"

"Chaka chatha, Lachiwiri. Anapita kuntchito bwinobwino."

"Mwadzidzidzi choncho? Sanadwale?"

"Mutu. Ine ndinkaona kuti mutuwo sukuyenda bwino, koma munthu wosalankhula ungamuthandize bwanji?"

"Zovuta. Nanga anakagona kuti?"

"Pamalo awo omwewo, kuseri kwa miyala. Anadzisankhira okha. Ndi kukumba komwe anakumba okha."

Mesenjala anapukusa mutu. "Anthu ena amadziwiratu. Limbani mtima, mayi."

"Ndinalimba kale. Ana akula."

Wina abwere andisonyeze bodza pamenepo. Achemwali anga sananame liwu ngakhale limodzi. Amene ananama ndi cholembera.

Ife sitinadziwe kanthu mpaka Lamlungu lina pomwe ndinapeza zikhomo zinayi zopaka utoto wofiira, chimodzi pakati penipeni pa dimba. A Mita anali atamangirirapo kale tomato.

"Chikhomo cholimba," anatero. "Sindikudziwa wandipatsa ndani."

Kalata inali yokhomedwa pachitseko, iwo osaitsegula, chifukwa anasiya kutsegula makalata. Ndinaitsegula ine.

"Alamu, apa akuti munamwalira."

"Liti?"

"Chaka chatha."

Anaganiza pang'ono. "N'chifukwa chake ndikugona bwino."

Kenako ndinawerenga za nsanja ndi za Lolemba la sabata inayo. Anayang'ana chitsime, anayang'ana migolo, ndipo cholembera chinagwa kuchoka kukhutu. Anachisiya pansi pomwepo. Zaka zonse ndawadziwa, chimenecho sindinachionepo.

N'chifukwa chake Lachinayi lija tinali pawindo lachitatu, ine, iwo, ndi achemwali atakhala pabenchi kumbuyo, chikwama pamiyendo, nkhope ngati akudikira dokotala wa mano.

"Chabwino," ndinatero nditapuma. "Munthu akafuna kukhalanso moyo, muno mumati atani?"

"Abweretse lisiti la madzi kapena la magetsi la komwe akukhala."

"Madzi amachokera kumwamba, magetsi kudzuwa. Mulungu sapereka malisiti, mayi."

"Ndiye titumiza nambala yachinsinsi ku foni yawo yomwe ili m'mabuku. Akaitchula, tiyamba kuona."

Anatumizadi. Koma nambala ya a Mita, itakhala chaka pansi pa tebulo, inali itaperekedwa kwa munthu wina. Ndinaimba pomwepo. Anayankha mayi wina wogulitsa mawigi.

"Mayi, pepani, mwalandira manambala pafoni panupo. Tatiwerengereni, tikufuna kuukitsa munthu."

"Akuba inu, mudzafa imfa yowawa," anatero, n'kudula.

Mayi ameneyo sindimuimba mlandu. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, ndi yekhayo amene anachita ntchito yake molondola.

Apa mayi wa pawindo anatsitsa mawu. Mwina ndinali nditamutopetsa, mwina ali ndi mtima penapake pansi pa mafailo.

"Njira yachidule ilipo. Mkazi wa malemu asaine apa kuti amuna ake anamwaliradi, malo alowe m'dzina lake. Nsanja ipita kwina. Lero lomwe zitheka."

A Mita anawala nkhope. Anatembenukira kubenchi.

"Sainani, mayi a ana. Ine ndazolowera."

Achemwali anadzuka, anatenga cholembera, anawerenga pepala lonse mpaka timalemba ta pansi. Kenako anachiika pansi mwakachetechete, zomwe kwathu sitichita kawirikawiri.

"Ndinati munatisiya, ndipo munatisiyadi. Koma dzanja langa ili silikuikani m'manda. Chaka ndi miyezi iwiri ndikuphika chakudya cha anthu awiri, china ndikumadya ndekha m'mawa chitazizira. Wakufa samudikira."

A Mita anayang'ana m'chipewa ngati muli mita yoti awerenge. Mayi wa pawindo anatsitsa katani n'kupita kukadya.

Lamlungu achemwali anandiuza kuti ndinyamule sutikesi yawo ndi makina akale opalasa ndi mapazi. Sindinafunse. Titafika kuseri kwa miyala analowa m'chipinda chija, anayang'ana babu, anayang'ana foni pansi pa tebulo, n'kunena kuti makatani a m'nyumbamo ndi chipongwe kwa telala aliyense, kuli bwanji telala amene ndi mkazi wa mwini nyumba. Panalibe makatani. Anali matumba a feteleza.

Lolemba masana chigalimoto chija chinafika, chikulira ngati chadya chinzake. Dalaiva anali chimunthu chachikulu koma chofatsa. Ndinaima kutsogolo kwa chitsulo chosalazira, ndi nyundo yanga ya nsapato m'manja, osati kuti ndimenye munthu, koma dzanja langa silidziwa kukhala lopanda kanthu.

"Akulu, chokanipo. Ine ndangotumidwa," anatero.

"Tione pepala lokutumalo."

Anandipatsa. Ndimawerenga pang'onopang'ono ine, ndi chala, n'chifukwa chake ndimaona zomwe ophunzira amadumpha. Pansi penipeni panali mawu a mesenjala uja: mwini malo ndi malemu, anagona pamalo omwewa.

"Adalaiva," ndinatero, "awa ndi manda. Chilolezo chofukula munthu muli nacho?"

Anawerenga, anawerenganso. "Mandawo ali pati?"

Ndinaloza. A Mita anali atagona pamphasa pansi pa mtengo monga amachitira masana aliwonse, chipewa kumaso, manja pachifuwa. Sindinawauze kuti atero, ndikulumbira. Nthawi yawo yogona inali itakwana basi. Dalaiva anawayang'ana nthawi yaitali. A Mita anakanda bondo.

"Akugwedezeka," anatero dalaiva.

"Zimenezo mukafunse ku ofesi. Ine ndimakhulupirira pepala."

Anazimitsa injini. Anafuna kuimbira bwana wake, foni osagwira, mpaka anachita kukwera pamwala wina wautali, chimunthu chonse chija chikukwawa ndi mawondo. Atatsika anati bwana wanena kuti za manda iye sakhudza, ali ndi ana. Achemwali anamuninkha jumbo la tomato kuti apite nalo. Anabweza manja kumbuyo.

"Zikomo, mayi, koma za kumanda sindidya."

Nsanja anakaimanga kutsidya kwa khwawa. Pano foni imagwira bwino kwambiri pakhomo pa a Mita, kuposa m'tauni, ndipo yawo ikugwirabe tebulo. Achemwali sanabwerere. Amasoka pakhonde ndi mapazi, makasitomala amawatsata ndi njinga, ndipo makatani alipo enieni. Pamapu a ku ofesi, pamalo paja anajambulapo kamtanda kakang'ono. A Mita amathirira tomato m'mawa, amawerenga migolo yawo, ndipo ndikayambitsa nkhaniyi amangoti, "Alamu, musandidzutse."

Koma ine sindikhala chete. Achemwali anga, mkazi wa ulemu wake, mwalamulo akugona kumanda. Mwana wawo wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo pepala la ukwati labwera kale litalembedwa malemu pa dzina la bambo ake, bambo amene ndikuwasokera nsapato zoti adzavale tsikulo. Mwanayo analira pabenchi langa mpaka kasitomala anathawa ndi nsapato imodzi. Ndipo tsiku lina wina wanzeru zake adzafufuta kamtanda kaja osaukitsa mwini wake, chigalimoto chija n'kubwereranso.

Ndiye bokosi langa la zosokera nsapato ndasamutsa. Pano ndimasokera pakhomo penipeni pa ofesiyo. Mesenjala akuti anapuma ntchito. Mayi wa pawindo akuti wolakwa ndi kompyuta. Bwana wamkulu akuti ali pamsonkhano, msonkhano womwe unayamba ndisanamere imvi izi. Nsapato zawo zonse ndikuzidziwa, zidzang'ambika, ndipo zidzandipeza pano.

Munthu sangafe popanda womupha. Alamu anga sanadwale, sanagundidwe, anangofuna kumwa madzi a mvula mwamtendere. Amene anamva liwu limodzi n'kulemba lina, ndi amene anadinda chidindo osapita kukaona, atuluke pakhomo pano masana, ayang'ane a Mita m'maso, atiuze anawaphera chiyani. Ndikudikira. Atuluke ayankhe!